Akufa a ku Migowi sapita kutali

Pamsewu wochoka pa Migowi kulowera ku Chiringa, wakabaza amene wamangirira thumba la nandolo pakaliyala amapalasa ngati akuthawa ngongole. Koma akangoona nthambi zaziwisi zosonyeza maliro zitagonekedwa pamsewu, changu chonse chimathera pomwepo. Amatsika, kuvula chipewa, n'kuyamba kukankha njinga mpaka atadutsa nthambi zachiwiri. Wa njinga yamoto amachepetsa moto. Wa minibasi amatsitsa wailesi, ndipo kondakitala amene amakuwa mayina a masiteji amatseka pakamwa. Palibe wapolisi wayima pamenepo, palibenso chikwangwani cha boma. Womwalirayo sakumudziwa, mwina ngakhale dzina la mudziwo sakulidziwa.

Ulemu umenewu ukupita kwa yani? Ambiri angayankhe kuti kwa anamfedwa. N'zoona, koma anamfedwawo ali m'nyumba ya siwa, maso ali pansi, ndipo sakuona amene watsika panjinga ndi amene sanatsike. Wakabazayo akuchita ngati pali wina amene akumuona, ndipo winayo ndi amene wagona m'bokosimo.

Chinenero chimaulula zimene mtima umakhulupirira. Nkhuku imafa, mbuzi imafa, koma za munthu, wolengeza uthenga amati "watisiya" kapena "watsogola". Wotsogola ndi munthu amene ali panjira yomweyo imene enafe tikuyendamo, wangopitirira pang'ono. Akatchulidwa pambuyo pake amakhala "malemu", ndipo mkulu amakhalabe ndi "a" wake waulemu ngakhale patapita zaka makumi atatu. Mwana akabadwa n'kupatsidwa dzina la agogo ake omwalira, azakhali ake enieni amamugwadira mwanthabwala n'kumamuitana kuti "amayi". Nthabwalayo ili ndi fupa mkati.

Munthu akaima pamsika wa Migowi n'kukweza maso, amaona phiri la Michesi, ndipo kuseri kwake kuli Mulanje ndi nsonga yake ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002. Michesi ndi phiri limene ana a ku Phalombe amalidziwa ngati mudzi wa mizimu asanadziwe n'komwe kuwerenga. Nkhani yake ndi yodziwika: wokatola nkhuni kapena wosaka akhoza kupeza chakudya chokonzedwa bwino m'thengo, nsima yotentha kapena nthochi zakupsa, popanda wophika. Lamulo lake n'lakuti udye wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, ndipo usatengeko zopita nazo kunyumba. Wophwanya lamulo amasochera, mwina osabwereranso. Kaya wina anadyadi nsimayo kapena ayi, nkhaniyi imanena zambiri za mmene anthu amawaonera akufa. Sali m'dziko lina losafikika. Ali pamtunda pomwepa, amaphika, amagawa, ndipo amakwiya ukawachitira mwano. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo chifukwa chachikulu sichinali mikungudza kapena mathithi ake, koma chikhulupiriro cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe chakuti m'phirimo mumakhala mizimu.

Alhomwe, omwe ndi ochuluka m'boma la Phalombe, anabwera ndi phiri lawolawo m'mutu. Makolo awo analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ambiri pothawa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Mwambo wawo umati anthu onse anachokera kuphiri la Namuli, kufupi ndi Gurue, ndipo munthu akamwalira amabwerera komweko. Mulungu amamutchula kuti Muluku, mizimu ya makolo ndi minepa. Atafika m'chigwa cha Phalombe anapeza Amang'anja akuthira nsembe patsinde pa mitengo, akuitana makolo awo mayina. Panalibe chachilendo.

Chimene chikhulupiriro chakalechi chinalibe ndi bwalo la milandu kutsidya kwa manda. Kunalibe moto wosatha, kunalibenso mphotho yodikira olungama. Munthu akafa, n'kuikidwa mwamwambo, amasanduka mzimu wa pabanja: amayang'anira mbumba, amabwera kutulo, amadandaula akaiwalidwa. Woipa mtima, kapena amene maliro ake sanayende bwino, ndiye amasanduka chiwanda, chongoyendayenda ndi kuvutitsa amoyo. Choncho funso lalikulu silinali lakuti "ndikafa ndikapita kuti?" Linali lakuti "ndikafa, adzandisunga ndani?" Mafunso awiriwa amabala makhalidwe osiyana. Loyamba limamutuma munthu kuyang'ana mumtima mwake. Lachiwiri limamutuma kukalima m'munda mwa amalume ake ndi kukagona kumaliro a mnansi.

Amishoni anabweretsa funso loyambalo. A Church of Scotland anakhazikika ku Blantyre mu 1876, Akatolika a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndipo a Seventh-day Adventist anayamba ntchito pa Malamulo ku Thyolo mu 1902. Onsewa anabwera ndi kumwamba, chiweruzo ndi kuuka kwa akufa. Koma pofuna kulalikira anayenera kubwereka mawu kwa eni chinenero, ndipo liwu limene analipeza lotchulira Mzimu Woyera ndi lomwelo limene agogo amatchulira malemu amuna awo. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, liwu lakuti mzimu linalowa m'tchalitchi litasenza katundu wake yense wakumudzi, ndipo mpaka lero silinamutule.

Masiku ano Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu pa Migowi pamamveka mayankho angapo a funso limodzi. Mkatolika amaphunzitsidwa za purigatoriyo, kuti womwalira akhoza kuthandizidwa ndi mapemphero a amoyo, n'chifukwa chake amapereka Misa ya malemu ndipo mwezi wa November amakayendera manda. Wa CCAP amamva kuti munthu akatsirizika nkhani yake yatha, palibe pemphero lingasinthe kanthu, mwambo wa maliro ndi wotonthoza ndi kuchenjeza otsala. Wa Adventist ndi wa Mboni za Yehova amati akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu, sangathandize kapena kupweteka munthu mpaka tsiku la kuuka. Msilamu amafulumira kuika thupi, lokulungidwa m'nsalu yoyera, nkhope italoza ku Makka, chifukwa m'mandamo muli mafunso amene akumudikira womwalirayo, ndipo abale amachita sadaka kuti zabwino zake zimufike.

Pamapepala, anthu awa sangagwirizane. Koma mfumu ikatumiza uthenga wa zovuta, onse amapezeka pabwalo limodzi, amuna pansi pa mtengo, amayi pamaphikiro ndi m'siwa. Amene amakanitsitsa zina mwa miyambo, monga a Mboni, amadziwa mtengo wake. Chipembedzo chawo chinaletsedwa m'dziko muno mu 1967 pa zifukwa za ndale, ambiri anakakhala m'misasa kufupi ndi Milange, kutsidya kwa malire kumene, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Anthu amene anapirira zoterozo sagwedezeka ndi kunyogodola kwa apabanja akakana kumeta kapena kuthira nsembe. Koma iwo ndi ochepa. Mkhristu wamba wa ku Phalombe amasunga zonse ziwiri popanda kudwala nazo mutu. Lamulungu amaimba za kwawo kumwamba. Lachiwiri akalota malemu amayi ake akudandaula kuti akuzizidwa, amayamba kufunsa mtengo wa simenti.

Simentiyo ndi ya chiliza. Abusa ena amalalikira kuti chiliza ndi chikumbutso chabe, ngati chithunzi chapakhoma. Koma tamverani mmene mwinimbumba amayankhulira pokumbutsa abale: "Amayi aja tawasiya pamtunda nthawi yaitali, tiyeni tikawafunditse." Chithunzi sachifunditsa. Ndipo tsiku lotsegula chiliza limaoneka ngati sadaka yakale itavala jekete: m'malo mwa mowa wamasese pali thobwa ndi zakumwa za m'mabotolo, m'malo mwa mkulu wothira ufa pali mkulu wa mpingo ndi pemphero, koma mbumba yonse yasonkhana, mbuzi yaphedwa, ndipo aliyense akubwerera kwawo mtima uli m'malo kuti ngongole yabwezedwa.

Mipingo nayo inaphunzira msanga kuti mphamvu yake yaikulu ili pamanda. Munthu akhoza kujomba kutchalitchi chaka chathunthu osamva kanthu, koma mawu akuti "mukadzamwalira mpingo sudzabwera" amamudzutsa. Maliro opanda nyimbo, opanda amayi a Mvano kapena a Dorika atavala yunifolomu, opanda mlaliki, ndi manyazi amene banja limakhala nawo zaka. N'chifukwa chake khadi la zopereka limasungidwa m'pulasitiki limodzi ndi chiphaso cha unzika, ndipo nkhalamba imene ikuona kuti mphamvu zikutha imatuma mdzukulu kukalipira miyezi yotsalira. Bambo wamitala amene anadulidwa mumpingo amayamba kufunsa njira yobwererera tsitsi likayamba kuyera. Wina anganene kuti uku n'kuopa chiweruzo cha Mulungu. Mwina. Koma zikuoneka kuti chimene chikuopedwa kwambiri ndi kuchoka pamudzi mosalongosoka, monga momwe makolo ankaopera kusanduka chiwanda.

Maliro n'kulirana, amatero akuluakulu, ndipo mawuwa ali ndi mano. Pamaliro pamakhala kope lolembamo chipepeso, ndipo mayina amawerengedwa mokweza: uje mbale ya ufa, uje nkhuku, uje ndalama zakuti. Amene sapezekapezeka pa zovuta za anzake amadzaona yekha tsiku lake likafika. Adzukulu, anyamata okumba manda aja, ali ndi njira zawo zolangira. Amafika mochedwa, kapena kukhala pansi makasu ali m'manja mpaka banjalo litapepesa kwa mfumu ndi nkhuku kapena ndalama. Wolemera wa m'tauni amene amangotumiza ndalama osaonetsa nkhope amadabwa kuona kuti pamudzi pali zinthu zimene Airtel Money singagule.

Adzukuluwo ndi anthu oyenera kuwaonetsetsa. Amalawira mbandakucha mfumu kapena nthumwi yake italoza malo. Amakumba mosinthana, wina m'dzenje, ena pamwamba akuseka nkhani zimene sangazinene pamaso pa apongozi. Nsima yawo imapita komweko kumanda, ndipo ndiwo zikachepa amabweza mbale. Bokosi likatsitsidwa, mmodzi amatsikira m'dzenje kukaliyika bwino, kuonetsetsa kuti mutu waloza koyenera. Anyamata omwewa mawa adzakhala akukweza matumba pamsika, osawerengedwa ndi aliyense. Koma lero ngakhale mphunzitsi wamkulu amawayankhula mofatsa, pakuti ndi iwo amene akumanga nyumba yomaliza.

Nyumbayo iyenera kukhala kwawo. Apa ndi pamene chikhulupiriro chimadya ndalama zenizeni. Anyamata ambiri a ku Phalombe ali ku Joni, monga ankapitira agogo awo pa nthawi ya Wenela, ndipo wina akamwalira ku Johannesburg kapena ku Cape Town, gulu la pa WhatsApp limayamba kusonkha tsiku lomwelo. Thupi limayenda masiku pamsewu, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, kulowera pa Mwanza, mpaka lifike pamudzi pamene mwina mnyamatayo sanapondepo zaka khumi. Manda aliko ku Joni, otsika mtengo kuposa ulendowu. Koma mayi amene mwana wake waikidwa kuchilendo amati mwanayo "watayika", ngakhale akudziwa dzina la tauni ndi nambala ya manda.

Palinso chifukwa china chimene sichitchulidwa pamaliro. Kwa Alhomwe ndi Amang'anja mbumba imayenda kuchikazi, mwamuna amakakhala chikamwini, ndipo malo ndi a amayi ndi ana awo aakazi. M'boma lothithikana ngati Phalombe, kumene munda umagawidwa mpaka kutsala ngati mphasa, manda ndi umboni woposa pepala lililonse. Pamlandu wa malo, munthu akaloza pamene pagona agogo a agogo ake, mfumu imamvetsera. N'chifukwa chake kukangana za kumene mkamwini akaikidwe, kwawo kapena kwa mkazi wake, kumatha kuchedwetsa maliro tsiku lathunthu. Akukangana za womwalira, inde, koma m'maganizo muli minda.

Ndipo aliyense woyenda m'chigwachi m'chilimwe amaona chinthu china. Mitengo yachilengedwe inatha kalekale, inapita ku makala, ku uvuni wa njerwa ndi ku zigafa za fodya. Koma apa ndi apo pamaoneka kankhalango kobiriwira, ka mitengo ikuluikulu yakale, pakati pa minda yoyera. Amenewo ndi manda. Palibe mlonda wa zankhalango amene amalondera pamenepo. Mayi amene wayenda mtunda wautali kufuna nkhuni amadutsa nthambi zouma zili mbwee pansi, osatolako ngakhale imodzi, chifukwa nkhuni za kumanda saphikira ndipo kumanda salowako popanda chilolezo cha mfumu. Mabungwe aphunzitsa za kusamala chilengedwe kwa zaka zambiri, ndi ndalama zambiri. Akufa agwira ntchito yomweyo osalandira alawansi.

Si zonse zokoma. Aliyense wa kumudzi anaonapo wodwala amene anagona pamphasa miyezi, abale akuti ndalama ya kabaza yopitira kuchipatala palibe, chonsecho chipatala chachikulu cha boma chili pa Migowi pomwepo. Tsiku limene watsirizika, ndalama zimatuluka m'mabowo onse: bokosi lopaka polishi, suti yatsopano, matumba a chimanga, galimoto yonyamula abale. Munthu amene ankasowa sopo akuikidwa ngati nduna. Achinyamata amaziseka zimenezi poyera masiku ano, ndipo akulondola. Koma chifukwa chake si kuuma mtima kokha. Wodwala ndi munthu wamba, akhoza kudandaula koma sangachite kanthu. Akangomwalira wakwera udindo, ndipo aliyense akufuna kusiyana naye bwino.

Choopsa kwambiri chimabwera pamene funso lakuti "wapita kuti?" lasanduka lakuti "wamupha ndani?" M'maganizo akale, imfa ya nkhalamba yokha ndiyo inali ya Mulungu. Ya mwana kapena ya mnyamata wamphamvu inkafuna wolozedwa chala, ndipo chalacho mpaka lero chimakonda kugwera gogo wosauka wokhala yekha. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma pamaliro pamene misozi yasanduka mkwiyo, palibe amakumbuka lamulo. Amasiye nawo akhala akuvutika m'dzina la mizimu, kulandidwa katundu kapena kukakamizidwa miyambo yoti "ichotse imfa" pathupi pawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu m'gulu la milandu, ndipo mafumu ambiri tsopano amalankhulapo pamanda pomwepo asanabalalitse anthu. Chodabwitsa n'chakuti mawu amene amagwira mtima kwambiri si a ndende. Ndi akuti: "Mwini wake akuona zimene mukuwachita ana akewa."

Mphamvu ya chikhulupirirochi inaonekera bwino pamene boma linayesa kulowerera pakati pa amoyo ndi akufa awo. Covid-19 itafika mu April 2020, kunabwera malamulo ochepetsa anthu pamaliro ndi oletsa kugona m'siwa. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inabweretsa zofananazo: thupi losasambitsidwa ndi abale, lokulungidwa m'pulasitiki, loikidwa mofulumira ndi azaumoyo ovala magolovesi. Azaumoyowo ankateteza miyoyo, ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Koma m'madera ena anthu ankabisa odwala, ena ankalimbana ndi ogwira ntchito zachipatala. Kwa munthu amene amakhulupirira kuti mayi ake akumva zonse, kuwaponya m'dzenje osawasambitsa, osawaona nkhope, n'chinthu chimene adzayenera kukachiyankha kutulo.

Phalombe amadziwanso imfa ina yoposa pamenepa, yopanda thupi loti n'kuika. Pa 10 March 1991, mvula itagwa masiku angapo, mbali ya Michesi inagumuka ndipo madzi, matope ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba zinatsikira m'midzi. Anthu mazanamazana anafa, ndipo ngoziyi ndi imene inachititsa kuti dziko likhale ndi lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi chaka chomwecho. Akatswiri anafotokoza za nthaka yokhuta madzi pamalo otsetsereka. Anthu anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja, monga ananenera a ku Zomba mu 1946. Ena anawonjeza kuti mizimu yakwiya chifukwa anthu analowerera m'phiri ndi nkhwangwa. Mafotokozedwe awiriwa satsutsana kwenikweni pa nkhani ya nkhwangwayo.

Patatha zaka 32, m'mwezi womwewo wa March, namondwe wa Freddy anabwereza zomwezo. Mu 2023 anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera, ndipo dera la Nkhulambe ku Phalombe linali limodzi mwa malo amene anakhudzidwa koopsa. Boma linalengeza masiku 14 a kulira. Ambiri mwa osowawo sanapezeke mpaka lero, ali pansi pa miyala ndi mchenga pamene kale panali midzi. M'malo ena madzi anakokolola ndi manda omwe.

Kale tsoka lotere likagwa, Alhomwe ankatulutsa ng'oma za tchopa, gule amene UNESCO inamulemba mu 2014 ngati gule wa nsembe, wovinidwa pokolola bwino komanso popepesa makolo pakagwa chilala kapena mliri. Masiku ano tchopa amaonekera kwambiri pa chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, pamaso pa alendo ndi makamera. Pambuyo pa Freddy, chimene chinamveka kwambiri m'misasa ya anthu othawa madzi ndi nyimbo za m'tchalitchi ndi mapemphero a usiku.

Koma banja limene silinapeze thupi limatsala ndi vuto limene ulaliki sulimaliza. Abusa akhoza kutsimikiza kuti Mulungu akudziwa pamene aliyense wagona, ndipo mayi wofedwayo amavomera ndi mtima wonse. Funso lake ndi lina: November akafika, anzake akatenga makasu ndi matsache kupita kukalambula pamanda a abale awo, iye alowere kuti? Ena amangolemba mayina pakapepala n'kukapereka kwa akuluakulu a tchalitchi kuti akatchulidwe pa Misa. Ena amapita kukaima pamwala waukulu umene unatsika m'phiri usiku umenewo, pamalo pamene akuganiza kuti panali khonde la nyumba, n'kuyamba kufotokoza za kunyumba: kuti mwana wamkulu uja wakhoza mayeso, kuti denga la nyumba yatsopano latha, kuti nandolo chaka chino wagulidwa motchipa.